Amisiri amene amasankha mfumu ya mzinda

Chaka chilichonse chakumapeto kwa Seputembala, pa tsiku lokumbukira mngelo Mikayeli, mu holo yakale ya Guildhall pakati pa London mumasonkhana anthu mazanamazana kudzasankha mfumu ya mzinda. Sichisankho cha aliyense ayi. Kulibe zipani, kulibe misonkhano yokopa anthu, kulibenso mizere ya anthu oima padzuwa ndi ziphaso m'manja. Ololedwa kulowa ndi mamembala a mabungwe a amisiri ndi amalonda: osula golide, ogulitsa nsomba, atelala, akalipentala, ophika buledi, opanga makandulo, osoka zishalo za akavalo, mapulambala, ometa. Panja amamanga mpanda wamatabwa wokhala ndi timakomo tambiri, ndipo mlonda wa bungwe lililonse amaima pa khomo lake kuonetsetsa kuti olowa ndi anthu akedi. Mayina akawerengedwa, anthu amakweza manja, nasankha anthu awiri. Mayina awiriwo amapita kwa akuluakulu a mzinda otchedwa Aldermen, omwe alipo 25, ndipo iwo amatola dzina limodzi. Pa 24 Juni anthu omwewo amakhala atakumananso kusankha ma Sheriff awiri, amene amakhala ku khoti lalikulu la milandu la Old Bailey kusamalira oweruza. Munthu sangakhale mfumu ya mzinda asanakhalepo Sheriff, choncho makomo onse awiri ali m'manja mwa mabungwewa.

Tisasokoneze zinthu. Mfumu imeneyi si Sadiq Khan, amene amavoteredwa ndi anthu a London yense ndi kuyang'anira mabasi, sitima ndi apolisi. Iyi ndi Lord Mayor wa kadera kakang'ono kotchedwa City, pamene mzinda unayambira, kosakwana makilomita atatu m'bwalo lake lonse. Pa kalembera wa 2021 kunkagona anthu osafika 10,000, koma m'mawa uliwonse kumalowa anthu opitirira theka la miliyoni kukagwira ntchito m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi. Kaderaka kali ndi apolisi akeake ndi khonsolo yakeyake. Mfumu John inapereka chilolezo choti anthu a mzindawu azidzisankhira mtsogoleri mu 1215, ndipo kuyambira 1475 mphamvu yosankhayo yakhala ya mamembala akuluakulu a mabungwe a amisiri, amene Angerezi amawatcha liverymen chifukwa cha mikanjo imene ankavala. Mabungwewo lero alipo opitirira 110.

Ine nkhaniyi inandigwira kudzera m'pepala limodzi. Kwathu, pakhoma la chipinda chochezera, panali satifiketi ya malume anga, amene anali mmisiri wa zamagetsi. Inali mufelemu yagalasi, pamwamba pa kabati, ndipo pamutu pake panalembedwa kuti City and Guilds of London Institute. Aliyense amene anakulira pafupi ndi anthu ophunzira ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete kapena ku Livingstonia amalidziwa dzina limeneli. Munthu akati ali ndi City and Guilds, mabwana ankamulemba ntchito osafunsa zambiri, ndipo pepalalo linkagwira ntchito ku Zambia, ku Zimbabwe ngakhale ku Joni. Nditabwera kuno ku Britain ndinadziwa kuti sukulu imeneyi inakhazikitsidwa mu 1878 ndi khonsolo ya City pamodzi ndi mabungwe 16 a amisiri omwewa. Choncho anthu ovala mikanjo yaubweya amene ndinawaona akuguba m'misewu pa chionetsero cha Lord Mayor mu Novembala sanali alendo kwenikweni kwa ine. Dzanja lawo linafika mpaka pakhoma lathu.

Chimene chakhala chikundizunguza m'mutu ndi ichi: zinatheka bwanji kuti munthu wogwira nyundo, singano kapena mpeni wotumbulira nsomba akhale ndi mpando pa bwalo loyendetsa mzinda? Ndikafufuza ndimapeza kuti mpandowo sunabwere chifukwa cha chifundo cha mafumu. Anaugula, ndipo ndalama zinalipo, koma mtengo waukulu unali wina. Anavomera kuyankha mlandu pa ntchito ya mnzawo aliyense.

Taganizani London wa zaka za m'ma 1300. Munthu wogula mphete sangadziwe ngati ndi siliva weniweni kapena wosakaniza ndi mtovu. Mayi wogula buledi alibe sikelo. Wogula nsalu sadziwa ngati anaikoka kuti italike, ndipo idzafupika ikangonyowa. Mfumu ilibe anthu okwanira oyendera sitolo iliyonse, ndipo ngakhale ikanakhala nawo, sakanadziwa chinyengo cha ntchito imene sanaiphunzire. Wodziwa mmene wosula amabera ndi wosula mnzake. Ndiye mafumu anapereka makalata achilolezo kwa magulu a amisiri: oomba nsalu analandira yawo mu 1155, ogulitsa nsomba mu 1272, osula golide mu 1327, amalonda a nsalu zodula otchedwa Mercers mu 1394. Kalatayo inkapatsa bungwe ufulu woti okhawo ali m'bungwemo ndiwo agwire ntchitoyo mumzinda. Inkawasenzetsanso katundu: atsogoleri a bungwe azilowa m'mashopu a mamembala awo, nthawi zina mosachenjeza, kuyesa miyeso, kuphwanya katundu wachinyengo ndi kulipiritsa chindapusa.

Ndipo ankachitadi. Lamulo la 1300 linanena kuti chinthu chasiliva chisagulitsidwe chisanayesedwe ndi kudindidwa chidindo cha mutu wa kambuku, ndipo siliva wovomerezeka akhale magawo 925 pa 1,000. Zipewa zachinyengo zinkatenthedwa pamsika wa Cheapside anthu akuona. Wophika buledi wopepuka ankamangidwa pa chikuku chokokedwa ndi kavalo, buledi wake atamupachika m'khosi, n'kumuzungulitsa m'misewu. Wogulitsa nsomba zoola ankaikidwa m'matangadza pamsika, nsombazo n'kuzitentha pansi pa mphuno yake. Zilango zimenezi zinali zankhanza, sindikuzilakalaka. Koma maganizo ake ndi omwe akuluakulu athu anawaika m'mawu akuti ikaola imodzi zaola zonse. Bungwe linkadziwa kuti mmodzi akabera kasitomala, dzina limene laipa ndi la onse, ndipo dzina likaipa mfumu ikhoza kulanda kalata ija.

Kulowa m'bungwe kunali ndi njira zitatu, ndipo zilipobe: kubadwa kwa bambo amene ali kale membala, kulipira ndalama, kapena kuphunzira ntchito pansi pa mmisiri. Njira yachitatuyi ndiyo inali msana wa zonse. Mnyamata wa zaka 14 kapena kupitirirapo ankasainirana pangano ndi mmisiri kwa zaka zosachepera 7. Ankagona m'nyumba ya bwana wakeyo, kudya chakudya chake, kuvala zovala zomugulira. Pangano linkamuletsa kukwatira, kutchova juga ndi kulowa m'nyumba zamowa. Koma linkamanganso bwanayo: ngati sakumuphunzitsa, ngati akumumana chakudya kapena kumumenya mopyola muyeso, mnyamata ankatha kukadandaula ku bungwe kapena kwa msungichuma wa mzinda wotchedwa Chamberlain, ndipo pangano linkatha kuthetsedwa. Zaka zikakwana, mnyamatayo ankapita ku Guildhall kukalumbira, nalembedwa m'buku ngati mfulu ya mzinda. Kuyambira tsiku limenelo ankatha kutsegula shopu yake, kutenga anyamata akeake, ndi kulankhula pa misonkhano ya dera lake. Kumaliza kuphunzira ntchito ndi kukhala nzika zinali chinthu chimodzi. Apa m'pamene mtima wanga umaima nthawi zonse, chifukwa ndimakumbukira masipanala boyi a m'magalaja a ku Ndirande ndi ku Biwi. Mnyamata amatha zaka zambiri pansi pa galimoto, injini n'kuidziwa mpaka kumva vuto lake ndi khutu lokha, koma palibe pangano lolembedwa, palibe tsiku lodziwika lomalizira, palibe kumene angakadandaule, ndipo palibe buku limene dzina lake lidzalowemo.

Mzinda utaona kuti mabungwewa ali ndi mndandanda wa mamembala, thumba la ndalama ndi atsogoleri omvedwa, unayamba kuwasenzetsa zina. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 bungwe lililonse linkalamulidwa kugula ndi kusunga tirigu m'nkhokwe, kuti chaka cha njala amugulitse motchipa kwa osauka ndi kutsitsa mitengo pamsika. Ankasunganso malasha a nyengo yozizira, ndowa zachikopa ndi makwerero ozimitsira moto, mfuti ndi onga. Nkhondo ikabwera, Lord Mayor ankatumiza kalata ku bungwe lililonse yonena chiwerengero cha asilikali amene liyenera kupereka ndi kuwaveka. Mafumu akasowa ndalama ankagogoda pa makomo omwewo, ndipo ngongole zambiri sizinabwezedwe. Moto waukulu wa 1666 unatentha maholo 44 a mabungwewa, ndipo mwambo wosunga tirigu unathera pomwepo.

Chiyambi chenicheni cha ambiri mwa mabungwewa chinali maliro. Asanakhale ndi makalata a mafumu, anali magulu a anthu a ntchito imodzi opemphera m'tchalitchi chimodzi, osonkha ndalama zogulira makandulo, kuika mnzawo m'manda mwaulemu ndi kusamalira mkazi wamasiye. Ena mwa iwo, monga ogulitsa nsomba ndi osoka zishalo, akusungabe nsalu zopetedwa ndi ulusi wagolide zimene ankafunditsa bokosi la membala. Wolemera akamwalira ankasiyira bungwe nyumba kapena malo, ndi lamulo loti lendi yake izisamalira okalamba kapena kuphunzitsa ana. Richard Whittington, wa bungwe la Mercers, amene anakhalapo mfumu ya mzinda kanayi, anamwalira mu 1423 opanda mwana, ndipo chuma chake mpaka lero chikusunga okalamba m'nyumba zimene bungwelo limayang'anira. John Colet atakhazikitsa sukulu ya St Paul's mu 1509, ngakhale anali wansembe, sanaisiye m'manja mwa tchalitchi koma mwa a Mercers. Sukulu za Tonbridge, Oundle ndi Merchant Taylors' zinayamba m'njira yofananayo. Zimandikhudza kuti munthu anaika chuma m'manja mwa anzake a ntchito zaka 600 zapitazo, ndipo sichinadyedwe. Ife amene taona mathumba a maliro ndi mabanki m'khonde akutha chifukwa msungichuma wathawa, tikudziwa kuti zimenezi sizichitika zokha. Pankakhala mabuku, owerengera ndalama osankhidwa chaka ndi chaka, ndi bokosi la makiyi angapo losatsegulidwa ndi munthu mmodzi.

Koma mphamvu yotseka khomo kwa wachinyengo ndi yomweyonso yotsekera mlendo, ndipo mabungwewa anaigwiritsa ntchito moipa kambirimbiri. Mmisiri wochokera kunja kwa mzinda, ngakhale waluso chotani, sankaloledwa kutsegula shopu. Pa 1 Meyi 1517 anyamata ophunzira ntchito anaukira alendo ochokera ku Flanders, France ndi Italy, kuswa nyumba zawo ndi kuba katundu, ati akuwalanda ntchito. Aliyense amene anali ndi m'bale ku South Africa mu 2008 kapena 2015 akudziwa mawu amenewa ndi zimene zimatsatira. Oomba silika othawa chizunzo ku France pambuyo pa 1685 anakakhala ku Spitalfields, kunja kwa malire a City, kumene dzanja la mabungwe silinkafika kwenikweni. Bungwe la osindikiza mabuku la Stationers litalandira kalata yake mu 1557, linakhala maso a boma, kufufuza ndi kutentha mabuku osaloledwa. Akazi amasiye ankaloledwa kupitiriza shopu ya mwamuna wawo, koma mipando ya utsogoleri inali ya amuna. Mu 1865 Elizabeth Garrett Anderson anakhoza mayeso a bungwe la ogulitsa mankhwala la Apothecaries n'kupeza chiphaso cha udokotala, ndipo bungwelo linasintha malamulo ake msanga kuti mkazi wina asadzerenso njira imeneyo. Mkazi woyamba kukhala Lord Mayor, Mary Donaldson, anasankhidwa mu 1983, patapita zaka pafupifupi 800 chiyambire udindowo.

Choipitsitsa chinachitika ku Ireland. Mfumu James woyamba anakakamiza mabungwewa kusonkha ndalama zokakhazikitsa atsamunda kumpoto kwa dzikolo, pa malo olandidwa kwa eni ake. Mu 1613 kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira ntchitoyo, dera lonse linagawidwa zigawo 12 malinga ndi mabungwe akuluakulu 12, ndipo tauni ya Derry inapatsidwa dzina loti Londonderry. Mpaka lero dzina lokhalo limayambitsa mkangano, ndipo magazi amene anakhetsedwa kumeneko m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mizu yake ina ili pamenepo. Ife amene tikudziwa mmene minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inachokera m'manja mwa eni ake sitingawerenge zimenezi ngati nkhani yakutali. Ena amati mabungwe anachita mokakamizidwa, ndipo n'zoona kuti ambiri sanafune. Koma lendi ya minda imeneyo anailandira kwa zaka pafupifupi 300.

Kenako ntchito zinawathawa. London anakula kupyola malire akale, mafakitale anabwera, ndipo lamulo loti ugulitse pokhapokha uli membala linafa pang'onopang'ono. Chifukwa mwana ankalowa m'bungwe la bambo ake ngakhale asakugwira ntchitoyo, pofika m'ma 1800 bungwe la atelala linali lodzaza ndi anthu osadziwa kulowetsa ulusi pa singano. Chinatsala ndi chuma, chifukwa malo amene anasiyiridwa kalekale anali tsopano pakati pa mzinda wolemera kwambiri padziko, ndi maphwando. Anthu anayamba kufunsa kuti ndalama zosiyiridwa osauka zikuthera bwanji m'mbale ndi m'matambula. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 1880, yomwe inapereka lipoti lake mu 1884. Mabungwe anapulumuka, koma mantha anawadzutsa. Si mwangozi kuti City and Guilds inabadwa m'nyengo yomweyo, kapena kuti osula golide anatsegula sukulu ku New Cross mu 1891, yomwe lero ndi koleji ya Goldsmiths. Satifiketi ya malume anga inabadwa chifukwa anthu wamba anafunsa mafunso ovuta kwa anthu olemera, ndipo olemerawo anakumbukira chimene anapatsidwira mpando.

Lero mabungwewa ndimawaona m'magulu awiri, ndipo ulemu wanga sufanana.

Alipo amene akugwirabe ntchito imene anabadwira. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa koposa ndi mlandu wa ndalama, umene amautcha Trial of the Pyx. Ndi khoti lenileni, limodzi mwa akale kwambiri m'dzikoli, loyambira m'zaka za m'ma 1200, ndipo kuyambira 1871 kawirikawiri lakhala likukumana mu holo ya osula golide. Chaka chonse, fakitale ya boma yosula ndalama ku Llantrisant, ku Wales, imapatula makobidi ena pa mtundu uliwonse umene yasula, n'kuwatsekera m'mabokosi. Chakumayambiriro kwa chaka mabokosiwo amabwera ku London. Woweruza wotchedwa King's Remembrancer, atavala wigi ndi chipewa cha ngodya zitatu, amalumbiritsa gulu la anthu osankhidwa ndi bungwe la osula golide. Iwo amakhala pa tebulo lalitali ndi mbale ziwiri aliyense, yamkuwa ndi yamtengo, kuwerenga makobidi masauzande ndi kupatula ena oti akayesedwe. Kwa miyezi ingapo akatswiri a bungwelo amawayeza kulemera, kukula ndi zitsulo zimene zili m'kati. Kenako khoti limakumananso kumva chigamulo, ndipo amene ali pa mlandu ndi nduna ya zachuma, chifukwa ndiyo mwini udindo woyang'anira fakitaleyo. Ngakhale Isaac Newton, pamene ankayang'anira fakitale imeneyi, anakangana nawo mu 1710 atamuuza kuti makobidi ake agolide sanafike pa muyeso. Tangoganizani: boma likuima pamaso pa amisiri kuti liuzidwe ngati ndalama zake ndi zoona. Anthu ena amangoona mikanjo ndi mawigi n'kuseka. Ine ndimaonapo mfundo yolemera, yakuti amene amasula ndalama asakhale yemweyo wonena kuti ndalamayo ili bwino.

Si okhawo. Mphete yagolide yogulitsidwa ku Britain imayenera kudindidwa ndi imodzi mwa maofesi anayi oyesa zitsulo, ku London, Birmingham, Sheffield kapena Edinburgh, ndipo ya ku London ikuyendetsedwabe ndi osula golide, ndi chidindo chomwe chija cha kambuku. Bungwe la ogulitsa nsomba lakhala likutumiza oyendera ake kumsika wa Billingsgate mbandakucha, ndi mphamvu yolanda nsomba zosayenera kudyedwa. Mfuti isanagulitsidwe imayesedwa ku nyumba ya opanga mfuti, amene kalata yawo ndi ya 1637. Munthu sangakhomere kavalo nsapato zachitsulo popanda kulembetsedwa, malinga ndi lamulo la 1975, ndipo mayeso ake akhala m'manja mwa bungwe la ntchitoyo. Palinso mabungwe atsopano a anthu amene akugwiradi ntchito zawo: oyendetsa matakisi akuda, akatswiri a makompyuta amene anakhala bungwe la nambala 100 mu 1992, ozimitsa moto, aphunzitsi, ndi anamwino amene analandiridwa mu 2023.

Gulu linalo ndi la mabungwe amene ntchito yawo inafa kalekale, monga opanga mauta ndi mivi, kapena amene mamembala ake ambiri ndi maloya ndi akuluakulu a mabanki. Amapereka ndalama zambiri zachifundo, ndipo onse pamodzi amatulutsa mapaundi opitirira 70 miliyoni pa chaka. Zimenezo sindizinyoza, pali ana amene aphunzira ndi okalamba amene agona pofunda chifukwa cha ndalamazo. Koma kulowamo kumafuna ndalama ndi anthu okudziwa, ndipo chakudya chamadzulo chimodzi chimadya malipiro a masiku angapo a munthu wosamalira okalamba. Mmisiri weniweni amene akukonza mapaipi m'nyumba zazitali za City kawirikawiri sali m'bungwe la mapulambala. Chisankho cha Lord Mayor nachonso chimakhala chitakambidwa kale, ndipo kukweza manja kuja n'kungovomereza. Pamene bungwe silikuyesanso ntchito ya munthu aliyense, silikuphunzitsa mnyamata aliyense, sililanga membala aliyense, ndimavutika kuona chifukwa chimene liyenera kukhalira ndi voti imene namwino wogona m'dera lomwelo alibe. Kupereka zachifundo n'kwabwino, koma sikumene kunawapatsa mpando.

Tsono ndikatembenukira kwathu, sindikunena kuti titengere mikanjo ya ku London. Amisiri olemekezeka tinali nawo kale. Osula a Chiphoka m'mapiri a ku Rumphi ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo makasu awo ankayenda kutali ngati ndalama, kulowa m'malowolo ndi m'milandu. Luso limenelo linali ndi miyambo yake, zoletsa zake ndi njira yake yolowera. Ngakhale lero magulu alipo. Msika uliwonse uli ndi komiti ndi tcheyamani wake, ndipo chigawo cha nsomba, cha kaunjika, cha matabwa chili ndi atsogoleri ake. Akabaza ali ndi masiteji awo, manambala awo ndi malamulo a amene anyamule kasitomala woyamba. Membala akamwalira amasonkha, amagula bokosi, amapeza galimoto yopita kumudzi. Pamenepa m'pomwe mabungwe a ku London anayambira ndendende. Ndipo TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, chikhazikitsidwe mu 1999, yayesetsa kupereka mapepala kwa amisiri, kuphatikizapo ena amene anaphunzirira ntchito pansi pa mtengo.

Chimene chikusowa ndi mbali ziwiri za pangano lija. Khonsolo imawadziwa anthuwa pa zinthu ziwiri zokha: kudula tikiti ya msika m'mawa, ndi kuwathamangitsa m'misewu. Pokonza mapulani a msika watsopano, owotcherera safunsidwa kuti magetsi akhale pati, ogulitsa nsomba safunsidwa za madzi ndi ngalande. Misika yathu yapsa kangati, ndipo ndani anayamba wakhala pansi ndi amisiri a zamagetsi a mumsikamo kuwapatsa udindo woyendera mawaya? Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala n'komwe, ndipo m'zaka zimenezo makomiti a misika ndi amene ankayendetsa zinthu zambiri za tsiku ndi tsiku popanda wowazindikira. Andale amawakumbukira nthawi ya kampeni, ndipo choopsa n'chakuti komiti ya msika imasanduka nthambi ya chipani cholamula, mabenchi n'kumagawidwa poona mtundu wa nsalu.

Mbali inayo ndi yathu, ndipo ndi yowawa kuinena. Magulu athu amateteza membala, koma kawirikawiri sateteza kasitomala. Wogula soya kapena chimanga akamangirira sikelo yake kuti ibe, anzake pamzerewo amadziwa, ndipo amakhala chete. Womanga akachepetsa simenti m'maziko, amisiri anzake amaona. Makaniko akachotsa chitsulo chabwino m'galimoto n'kuikamo chakutha, galaja yonse imadziwa. A Malawi Bureau of Standards sangafike pa sikelo iliyonse ya m'mudzi, monga momwe mfumu ya ku England sinkafikira pa shopu iliyonse. Amene ali pomwepo tsiku ndi tsiku ndi anzake a ntchito. Ndaonapo siteji ya kabaza imene inalanda membala nambala yake chifukwa anabera mayi wina katundu, n'kumuperekeza okha kupolisi. Anthu a dera limenelo anayamba kudutsa masiteji ena kuti akakwere pamenepo, ngakhale usiku. Anyamata aja sanawerengepo za Guildhall, koma anachita chimene osula golide anachita mu 1300, ndipo anapeza chimene iwo anapeza.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linasiya malo m'khonsolo iliyonse a anthu asanu oimira magulu apadera, amene amakhala nawo pa zokambirana ngakhale savota. Ndikanakonda kuona umodzi mwa mipando imeneyi, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Zomba ndi m'maboma, ukupita kwa munthu wosankhidwa ndi amisiri ndi amalonda a m'misika eni ake, osati wotoledwa ndi khansala. Koma gulu lofuna mpandowo liyambe laonetsa buku la mamembala ake, pangano lolembedwa la mnyamata aliyense wophunzira ntchito lokhala ndi tsiku lomalizira, malo amene kasitomala wolakwiridwa angakadandaule, ndi mayina a amene linawalangapo. Likhalenso ndi khomo lotseguka kwa mtsikana wofuna kuwotcherera ndi kwa telala wochokera ku Dzaleka, kuti tisabwereze za 1517. Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kulanga, chifukwa amene waba pa sikelo nthawi zambiri ndi mlamu wako, kapena munthu amene anasonkha nawo pa maliro a mwana wako, ndipo mawa m'mawa mudzayalanso malonda moyandikana.